Esiteti ya kuseri kwa mudzi wathu aidula mapuloti: malowa anachoka bwanji m'manja mwathu?

Nabanda wa ku Kapiri
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Sabata yatha ndinapita kumudzi kukazonda mayi, ndiye ndakapeza kuti esiteti ya kuseri kwa mudzi wathu, yomwe yakhala tchire kuyambira ine ndili ku pulayimale, aidula mapuloti. Madobadoba akungoyenda ndi anthu a magalimoto ochokera ku Lilongwe, kuloza uku ndi uku. Mwini wake anamwalira kalekale, akugulitsa ndi ana ake omwe ife sitinawaonepo ngakhale pamaliro. Chikundiwawa kwambiri n'choti mkati mwa waya muja muli manda akale a makolo athu, ndipo mitengo ya mango ili pakatipo mayi amati anabzala ndi agogo awo. Lero mayiwo amalima kamunda kosakwana maekala awiri, alongo anga amachita kubwereka munda chaka ndi chaka. Ndinafunsa a nyakwawa, akuti zinachitika nthawi ya malume awo cha m'ma 1970, kunabwera galimoto ndi masaveya, anakhoma mabikoni, basi. Akuluakulu amene munaliko masiku amenewo, tandithandizeni. Zinkatheka bwanji kuti munthu wobwera atenge malo a mudzi wonse, n'kukhala ndi pepala, eni ake opanda pepala?

Aphunzitsi Mbewe
Mwana wanga, pepa. Nkhani yakoyi si ya ku Kapiri kokha, ipezeka ku Kasungu, ku Dowa, ku Mzimba, ku Rumphi, ku Namwera. Gwero lake ndi lamulo la malo la 1965, lomwe linapangidwa chaka chimodzi dziko lisanakhale repabuliki pa 6 Julaye 1966. Lamuloli linagawa malo patatu: a boma, a munthu payekha, ndi a makolo oyang'aniridwa ndi mafumu. Tsono dziko litakhala repabuliki lamuloli linkanena kuti malo a makolowo ali m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu onse, ndipo nduna yoona za malo ili ndi mphamvu yopereka lizi, pepala lobwereketsa malo kwa munthu payekha, pa malo oterowo, mpaka ya zaka 99. Wofuna esiteti ankangofunika kuti mfumu isaine kuti malowo alibe wowagwiritsa ntchito, bwana DC avomereze, mapepala apite ku unduna. Anthu olima pamenepo sankafunsidwa m'modzim'modzi ayi. Ndipo tsala, munda womwe mwaugoneka kuti nthaka ipume, pa pepala unkaoneka ngati thengo lopanda mwini. Dambo lodyetsako ng'ombe chimodzimodzi, nkhalango yotolako nkhuni chimodzimodzi.

Mfundo yopweteka kwambiri inali iyi: malo akangolowa pa lizi, ankatuluka m'kaundula wa mfumu. Lizi ikatha kapena mwini wake akaisiya, lamulo lija linkati malowo abwerera ku boma, osati kumudzi komwe anachokera.

Dalitso ku Joni
Aphunzitsi, ndiye mfumu inkasainiranji? Ine ndikuona kuti olakwa ndi mafumuwo. Anagulitsa anthu awo.

Aphunzitsi Mbewe
Ena analandiradi kangachepe, sindingawaikire kumbuyo onse. Koma Dalitso, iwe unabadwa nthawi ya zipani zambiri, sungamve msanga. Wobwera kudzapempha malo nthawi zambiri anali nduna, phungu, tcheyamani wa chipani wa boma lonse, mkulu wa polisi kapena mlembi wamkulu wa unduna. Mu 1971 a Kamuzu anakhala Pulezidenti wamuyaya, ndipo iwo eni ankalimbikitsa poyera nduna zawo ndi akuluakulu a m'boma kuti atsegule maesiteti, apereke chitsanzo cha ulimi. Mfumu yokana inkaoneka ngati ikukana chitukuko cha Ngwazi. Kuchotsedwa ufumu kunali pafupi, ndende osazengedwa mlandu inalinso pafupi. Ukanakhala iwe, uli ndi cholembera m'manja, apayoniya ataima pakhomo, ukanatani?

Dalitso ku Joni
Ndamva aphunzitsi. Koma ndalama zotsegulira minda ikuluikulu choncho ankazitenga kuti? Malipiro a phungu sangagule mathalakitala.

Aphunzitsi Mbewe
Wafunsa funso lenileni. Apa m'pamene pagona nkhani yonse, ndipo anthu ambiri sapadziwa.

Choyamba, msika unatseguka. Mu 1965 Ian Smith atalengeza ufulu wake wa azungu ku Rhodesia, mayiko anamuikira zilango, fodya wa kumeneko anavuta kugulitsa. Ogula anatembenukira kuno. Ena mwa azungu odziwa fodya ochokera ku Rhodesia anadzalembedwa ntchito ngati mamanijala m'maesiteti athu omwewa.

Chachiwiri, panali lamulo la mbewu zapadera lomwe linkati fodya wa bale ndi fodya wootcha m'mabalani alimidwe ndi okhawo ali ndi laisensi, ndipo laisensiyo inkapita kwa a maesiteti. Mlimi wa kumudzi ankaloledwa fodya wa chikopa, thonje, mtedza, mpunga ndi chimanga. Mwini esiteti ankapita yekha ndi mabelo ake ku okushoni ku Limbe n'kulandira mtengo wa pamsika. Mlimi wa kumudzi analibe kwina kogulitsa koma ku ADMARC, yomwe inakhazikitsidwa mu 1971 kulowa m'malo mwa Farmers Marketing Board. ADMARC inkagula motsika, n'kukagulitsa mokwera, ndipo m'zaka za m'ma 1970 inapeza phindu lalikulu. Phindu limenelo mbali yaikulu silinabwerere kwa alimi ang'onoang'ono. Linapita kukagula masheya m'makampani ndi kukongoza maesiteti, makamaka a Press, kampani ya a Kamuzu.

Chachitatu, mabanki. Commercial Bank inatsegulidwa mu 1970, National Bank mu 1971, ndipo Press ndi ADMARC anali ndi masheya m'mabanki onse awiriwo. Mabankiwo analimbikitsidwa kukongoza alimi a fodya a maesiteti.

Ndiye Nabanda, taona m'mene zinazungulirira. Agogo ako anagulitsa mtedza ndi chikopa pa mtengo wotsika. Ndalama yotsalayo inathandiza kukongoza anthu amene ankatsegula maesiteti pa malo a midzi ngati wanuwo. Mlimi wa kumudzi anapereka malo, anaperekanso mpamba.

Nabanda wa ku Kapiri
Mayo ine. Ndawerenga kawiri. Ndiye kuti thukuta la agogo linagula waya wowatsekera okha kunja?

Angoni Apaphata
Ndiloleni nditsutseko pang'ono, mwaulemu aphunzitsi. Tikamakamba za nthawi imeneyo tisaiwale kuti dziko linalandira ufulu lilibe kanthu. Amuna ankathera ku Wenela ndi ku Halale. Bajeti ya boma inkachita kuthandizidwa ndi Britain. Fodya wa m'maesiteti ndi amene anabweretsa ndalama zakunja, ndipo chuma chinakula ndithu m'zaka za m'ma 1970, zimenezo palibe amakana. Likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, msewu wa m'mbali mwa nyanja unamangidwa, njanji ya ku Nacala inatsegulidwa mu 1970. Kodi munkafuna kuti minda ikuluikulu ikhale ya azungu okhaokha ngati ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje? A Kamuzu ankafuna kuti Amalawi nawonso akhale ndi chuma. Bambo anga anagwira ntchito ya ukalaliki pa esiteti zaka 14, ndipo fizi yathu tonse asanu inachokera pamenepo.

Aphunzitsi Mbewe
Angoni, za misewu ndi ndalama zakunja sindikutsutsani, ndi zoona. Funso langa ndi loti Amalawi ake ati. Mwatchula za Thyolo ndi Mulanje, mwachita bwino. Malo amenewo anapita kale m'ma 1890, Harry Johnston atapereka zikalata za umwini kwa azungu onga Eugene Sharrer omwe ankati anagula kwa mafumu ndi nsalu ndi mikanda. Thangata anabadwira pamenepo, ndipo a Chilembwe anaukira mu 1915 pa nkhani zomwezi, ku Magomero. Anthu ankayembekeza kuti ufulu ukabwera bala limeneli lipola. M'malo mwake minda ya tiyi inakhala momwemo, ndipo njira yomweyo ya mfumu kusaina, pepala kupita kwa wamphamvu, inasamukira m'chigawo cha pakati ndi cha kumpoto. Chinasintha ndi khungu la wogwira pepala.

Mwana wa Tenanti
Ine ndingofotokoza zomwe ndinaona ndi maso anga. Kwathu ndi ku Mulanje, koma ndinakulira pa esiteti ina ku Kasungu. Lole inabwera kumudzi mu Seputembala, kapitawo akulemba mayina a ofuna kukalima fodya. Bambo analembetsa chifukwa kwathu munda unali ngati chikhatho. Titafika anatipatsa malo omanga kanyumba ka udzu ndi ndime yathu ya fodya. Chilichonse chinkalembedwa m'buku: feteleza, khasu, mbewu, ngakhale chimanga cha phoso chomwe tinkalandira. Ife ana tinkathirira nazale m'mamawa, kupha mbozi, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa. Nthawi yosankha fodya sukulu tinkaiiwala. Fodya akauma, wogula anali mwini esiteti yekha, giledi ankatchula ndi iye, mtengo ndi iye. Akachotsa za m'buku, chaka china bambo anatsala ndi ndalama yongokwanira nsalu ya mayi ndi mchere. Chaka china anauzidwa kuti atsala ndi ngongole, ndiye sitikanachoka. Tinakhala zaka 9.

Chomwe ndimakumbukira n'choti anthu a midzi yoyandikana ankatida ife, amati tabwera kudzadya malo awo. Ife tinkawaopa iwo. Pomwe tonse tinali anthu opanda malo, wina wolandidwa ndi azungu kum'mwera, wina wolandidwa ndi bwana wa kwathu konkuno. Bwanayo pa zaka 9 zonsezo ndinamuona katatu.

Nabanda wa ku Kapiri
Achimwene, mwandiliza. Mayi amatchulabe "anthu a kumwera aja" ngati kuti iwo ndi amene anatenga malo. Ndikawawerengera zimene mwalembazi.

Angoni Apaphata
Pepani achimwene. Bambo anga ndi amene ankalemba mabuku otero pa esiteti yomwe ankagwira. Sindinaganizepo za mbali yanuyo mozama chonchi.

Malume a Chisale
Ndakhala ndikungowerenga, koma ndione ngati ndingaonjezerepo. Ine ndinagwira ntchito m'banki ina kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ku gawo la ngongole za ulimi. Funso la Nabanda loti n'chifukwa chiyani esiteti yakhala tchire zaka zonsezi, yankho lake ndinkaliona m'mafayilo tsiku ndi tsiku.

Anthu ambiri sankatenga lizi chifukwa chokonda khasu. Pepala la lizi linali kiyi. Ndi pepalalo unkapeza laisensi ya fodya, ndi pepala lomwelo unkaika chikole ku banki. Munda wa makolo sungauike chikole, koma ukausandutsa lizi, mawa lake ndi ndalama. Ndiye munthu ankapempha mahekitala mazana angapo, pomwe mphamvu zake n'zolima makumi awiri kapena atatu. Lendi ya boma pa hekitala inali yochepa kwambiri, kusunga malo osalima sikunkamupweteka. Ena ngongole ya feteleza ankamangira nyumba ya lendi m'tauni kapena kugula lole. Eni ake ambiri ankakhala ku Blantyre ndi ku Lilongwe, kumunda kuli manijala kapena mphwawo wosadziwa fodya.

Zinthu zinatembenuka cha m'ma 1979 mpaka 1981. Mitengo ya fodya inagwa, mafuta anakwera, chiwongoladzanja chinakwera, kunagwa chilala, kenaka nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira za ku Beira ndi ku Nacala, katundu n'kumazungulira ku Durban. Maesiteti ambiri analephera kubweza. Mabanki anaika anthu awo kuti aziyendetsa ena mwa maesitetiwo, ena anagulitsidwa kwa amene anali ndi ndalama, ena anangosiyidwa. Koma palibe fayilo ngakhale imodzi yomwe ndinaona italembedwa kuti malowa abwezedwe kwa a gulupu akutiakuti. Pepala linkachoka m'dzanja ili kupita m'dzanja ilo, mudzi uli pomwepo kuyang'ana waya.

Ndinali mnyamata, ndinkangodinda zomwe andipatsa. Lero ndikadutsa pa msewu wa Kasungu n'kuona zigafa zakugwa, ndimakumbukira mayina a m'mafayilo aja.

Dalitso ku Joni
Malume, ndiye ndi zomwezi zikuchitika lero ku Lilongwe, anthu kugula malo kwa mafumu n'kungomanga mpanda kudikira kuti mtengo ukwere.

Malume a Chisale
N'zomwezo mphwanga. Kusiyana kwake n'koti kale phindu linali mu laisensi ndi ngongole, lero lili mu mapuloti.

Che Saidi
Salamu kwa nonse. Musaiwale kuti sanali malo olima okha. Ine ndinakulira pa tawuni yaing'ono ku Mangochi komwe kunali masitolo asanu ndi limodzi a amwenye. Kuyambira 1970 boma linayamba kuwachotsa m'midzi, ndipo pofika 1978 anauzidwa kuti malonda azichitira m'mizinda ikuluikulu yokha. Amati Amalawi atenge malo awo. Masitolo ena anagulidwa motchipa ndi anthu odziwika, koma ambiri anatsekedwa pasanathe zaka zingapo chifukwa ogulawo analibe mpamba wopikulira katundu, ngakhale Chipiku inalipo. Mayi anga ankayenda mtunda wautali kukafuna palafini ndi singano. Makonde a masitolo aja alipobe mpaka lero, mukhala mbuzi. Panalinso lamulo la 1966 lolanda katundu wa munthu amene boma lamuona kuti akuwononga chuma kapena chitetezo cha dziko, ndipo wolandidwayo analibe khoti lokadandaulako. Anthu anataya nyumba, masitolo ndi minda ndi lamulo limenelo.

Aphunzitsi Mbewe
Zoona Che Saidi. Ndipo m'mizinda yemwe anakula nthawi imeneyo ndi PTC, ya Press. Mwina achinyamata sadziwa kuti Press inayamba ngati kampani yosindikiza nyuzipepala ya chipani, Malawi News, tisanalandire ufulu. Mu 1969 inasanduka Press Holdings, masheya onse kupatula imodzi ali m'dzina la a Kamuzu, omwe ankati akusungira mtundu wa Amalawi. Inalowa paliponse: masitolo, mabanki, mayendedwe, mafakitale, ndipo kudzera ku General Farming ndi Press Farming inakhala mlimi wamkulu wa fodya m'dziko muno. Amene ankaiyendetsa anali a Aleke Banda. Mu 1980, kampani ili m'ngongole zoopsa, a Aleke anamangidwa, anakhala m'ndende zaka 12 osazengedwa mlandu, anatuluka mu 1992. Pofuna kupulumutsa mabanki ndi ADMARC, boma linasenza ngongole za Press pokonzanso kampaniyo cha m'ma 1983 ndi 1984. Ngongole ya boma amabweza ndi ndani? Wamsonkho, yemwe ndi mlimi uja kachitatu.

Boma la a Muluzi litalowa linapanga lamulo mu 1995 lochotsa Press Trust m'manja mwa a Kamuzu ndi anzawo, mlandu unafika ku khoti lalikulu la apilo, ndipo mu 1997 boma linapambana. Za Press zinathera pamenepo. Za maesiteti a anthu payekhapayekha ndi zomwe sizinakhudzidwe kwenikweni.

Mayi Nangozo
Aphunzitsi, ndikupempha kuti tisaike maesiteti onse m'dengu limodzi. Bambo anga sanali nduna, anali mlimi wamba ku Dowa, mchikumbe. Mu 1986 anaona kuti njira yokhayo yolimira bale n'kukagulitsa okha ku okushoni inali kukhala ndi lizi. Ndiye anaphatikiza munda wawo, wa alongo awo awiri ndi wa mayi awo, n'kulembetsa mahekitala 14 m'dzina lawo. Onse anagwirizana, fodya wa onse ankapita pa nambala imodzi. Zaka zimenezo tinamanga nyumba ya malata, tinagula ngolo. Anthu otere analipo ambirimbiri.

Vuto linadza bambo atamwalira. Kwathu malo amayenda kuchikazi, ndi a mbumba, mwini mbumba amangoyang'anira. Koma pepala linali ndi dzina limodzi, ndiye achimwene anga akuti ndi chuma cha bambo wawo, asuweni athu akuti ndi malo a amayi awo. Onse akunena zoona, wina mwa lamulo, wina mwa mwambo. Papita zaka 11 osalankhulana, pa zinkhoswe timachita kukhala mbali ziwiri.

Aphunzitsi Mbewe
Mayi Nangozo mwakonza bwino, zikomo. Ziwerengero zikugwirizana nanu. Mu 1970 maesiteti sankafika 300, pa malo osakwana mahekitala 80,000. Pofika 1989 anapitirira 14,000, pa mahekitala oposa 750,000. Ambiri mwa obwera m'zaka za m'ma 1980 anali ang'onoang'ono ngati a bambo anu, pomwe a m'ma 1970 anali ochepa koma akuluakulu. Alimi wamba ataloledwa kulima bale kuyambira 1990, pepala la lizi linatha mphamvu yake ya laisensi, n'chifukwa chake maesiteti ambiri anagona kuyambira pamenepo. Nkhani ya dzina limodzi pa malo a mbumba inavutanso ku Lilongwe chakumadzulo, komwe malamulo a 1967 anayesedwa polembetsa malo a banja m'dzina la mtsogoleri wa ndunda.

Angoni Apaphata
Ndiye tinene kuti chiyani, alande maesiteti onse? Tinaona zomwe zinachitika ku Zimbabwe. Ana a mwini esiteti nawonso sanabe kanthu, anangolandira cha bambo wawo.

Mwana wa Tenanti
Palibe wanena zolanda ndi zikwanje, Angoni. Njira zina zinayesedwapo. Pulojekiti ya Kudzigulira Malo kuyambira 2004 inkagula maesiteti kwa eni ofuna kugulitsa n'kukhazikapo mabanja opanda malo, pafupifupi 15,000, ena ochokera ku Thyolo ndi ku Mulanje kupita ku Machinga ndi ku Mangochi. Azakhali anga anapita nawo, anapeza mahekitala awiri. Madzi ndi chipatala zinali kutali, koma chaka choyamba chomwe anadzaza nkhokwe, chinthu chomwe sanachionepo ku Mulanje. Chomwe ine ndikukana n'choti malo omwe anaperekedwa kuti alimidwe fodya, pa lendi yochepa, lero agulitsidwe mapuloti pa mamiliyoni, mudzi womwe unapereka osapatsidwa ngakhale mpata woyamba.

Malume a Chisale
Nabanda mwana wanga, tsopano tikambe zoti uchite, chifukwa wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Choyamba upeze nambala ya lizi ya esitetiyo, kapena dzina lake ndi la mwini wake woyamba. Upite ku ofesi ya za malo ya chigawo cha pakati ku Lilongwe ukapemphe kuti akufufuzire m'kaundula. Uone zinthu zitatu. Lizi inali ya zaka zingati, chifukwa si onse anali a zaka 99, ambiri anali a zaka 21, ndipo ngati ili yotero ya m'ma 1970 inatha kale pokhapokha ngati anaikonzanso. Uone ntchito yomwe inalembedwa, ngati ndi ya ulimi, kudula mapuloti a nyumba kumafuna chilolezo chosinthira ntchito ya malo. Uonenso mapu a saveya, chifukwa waya nthawi zambiri unkapita patali kuposa mabikoni. Malamulo a malo anasinthidwa mu 2016 n'kukonzedwanso mu 2022, ndiye ukapeza mapepalawo upite nawo kwa loya kapena ku Legal Aid akakuuze m'mene malamulo atsopanowa akukhudzira nkhani yanu. Usapite wekha. Kalata ichokere kwa a nyakwawa ndi a gulupu, ipite kwa a T/A ndi kwa bwana DC, isainidwe ndi anthu ambiri.

Mayi Nangozo
Ndipo za manda muyambe n'zimenezo. Itanani agogo onse amene akudziwa amene anagona pamenepo, mulembe mayina, mujambule mitumbira ndi mitengo ya mango ija pa foni. Okalamba akutha, mawa sipadzakhala wolozera.

Nabanda wa ku Kapiri
Zikomo nonse, aphunzitsi, malume, mayi Nangozo, achimwene a ku Mulanje. Ndaimbira mayi usiku uno. Akuti dzina la esiteti akulidziwa, linalembedwa pa chikwangwani chomwe chinagwera m'tchire pafupi ndi geti, ndipo mlongo wanga akachifuna mawa m'mamawa kuti aone ngati pali nambala. Akutinso alipo agogo amodzi, a zaka zopitirira 90, omwe ananyamula nawo tcheni cha masaveya tsiku lomwe ankayeza, anawalipira ndi ndudu. Akukumbukira pomwe panakhomedwa bikoni yoyamba, akuti ndi patsidya pa mtsinje, osati pomwe pali waya lero. Loweruka ndikwera basi kukawajambula mawu, Lolemba ndikhala ndili ku ofesi ya za malo. Malume a Chisale, ndikapeza nambalayo ndikutumizirani ku inibokosi kuti mundithandize kuwerenga.

Malume a Chisale
Tumiza mwana wanga. Ndipo agogowo ukawajambule ataima pa bikoni penipenipo, a nyakwawa ali pomwepo.